Makatani Okwera Okha

Ine ndi amayi a tsidya la msewu tinali ndi pangano lathu. Tonse tinali amasiye, aliyense m'nyumba mwake yekha, kumtunda kuno kwa Chonde. Ine ndinali nditapuma pa uphunzitsi. Iwo anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, mwana ali kumsana, ndipo anathyola tiyi mpaka zala zinapindika. Mwana wawoyo atakula anakakwatiwa kwawo ku Milanje. Wanga, wamwamuna mmodzi yekhayo, ali ku Joni.

Panganolo linayamba pochokera kumaliro a bambo ena a kutchalitchi kwathu, amene anawapeza atatha masiku atatu ali chigonere m'nyumba yotseka. Panjira anzangawo anandigwira mkono.

"Achemwali, ine zimene zija ayi. Kufa ndifa, koma anthu asadzamve ndi ntchentche."

Ndiye tinagwirizana chonchi. M'mawa uliwonse ine ndizikoka katani ya kuchipinda kwanga, imene inayang'ana kumsewu. Iwo azitulutsa beseni lawo lofiira n'kuliika pakhonde. Katani ikakhala yotseka dzuwa litakwera, iwo awoloke msewu. Beseni likapanda kuoneka, wowoloka ndikhale ine. Basi, n'zomwezo.

Zinayenda bwino zaka zingapo. Ndikakoka katani, ndinkawapeza ataima kale pakhonde, n'kufuula moni wa Chilomwe, "Moseliwa!" Ankadziwa kuti ine Chilomwe ndimachipotoza, ndipo ndikayankha ankaseka mpaka kugwira chipilala. Ndikagonereza, m'posachedwa kumva chitseko gogogo.

"Aphunzitsi, mwafa kodi?"

"Sindinafe, mwafulumira. Bwerani mawa."

Kenako tinkamwa tiyi. Ndiulule pano kuti masiku ena ndinkachedwa dala, kuti abwere.

Chaka china pa Khirisimasi mwana wanga anabwera ndi mabokosi aataliatali. Anachotsa makatani anga a chitenje, amene ndinasoka ndekha, akuti ndi achikale ndiponso amasunga fumbi. M'malo mwake anakhomera pamwamba pa zenera lililonse kapaipi kokhala ndi nsalu yolimba yotuwa, imene imakulungika ngati mphasa. M'kati mwa kapaipiko muli kamota ndi batire, ndipo pagalasi anamata kasola kakang'ono kodzazira batireyo. Anandipatsa rimoti. Ukadina apa nsalu ikwera, ukadina apo itsika.

"Amayi, mawondo anuwo apume. Ndatchera pafoni. Sikisi koloko m'mawa azikwera okha, sikisi madzulo azitsika okha. Inu muzingogona."

Ndinakondwa, ndisaname. Mwana akakuganizira chotere umamva bwino mumtima. Anzanga aja atabwera kudzaona, ndinadina rimoti nditaibisa kumbuyo, iwo n'kudumpha.

"Mayo ine! Muli ndani m'menemo?"

Ndinawasonyeza rimoti, tinaseka. Koma zoti m'mawa makataniwo amakwera popanda ine kudina, sindinawauze. Sindinaganize kuti ndi nkhani.

Mwana anabwerera ku Joni n'kundisiyira malamulo ochuluka kuposa amene ndinkapatsa ana a sitandade wani. Osakoka ndi manja, mota imathyoka mano. Osachapa, kungopukuta ndi kansalu. Kasola kazipukutidwa Loweruka lililonse. Batire ikafooka, kukwera pampando n'kulumikiza kachingwe ku magetsi, ngati a magetsiwo akumbuka kuti kuno kuli anthu. Zimene sanandiuze ndinaphunzira ndekha. Mavu amakonda kumanga dothi kumapeto kwa kapaipi, ndipo nsalu imakwera chokhota mpaka utakolopola dothilo ndi kamtengo. Nalimata anaikiramo mazira kawiri. Kukachita chinyezi, m'munsi mwa nsalu mumamera chuku, timadontho takuda. Ha, ine nkhalamba kusanduka wantchito wa makatani!

Lamlungu lililonse masana mwana amaimba foni. Moni ukatha, funso lake loyamba ndi lomwelo: "Makatani akugwira?" Ndimati akugwira. Nthawi zina ndimafuna atafunsa ngati ndayankhula ndi munthu sabata imeneyo, koma safunsa, ndipo ine sindinena.

Patapita miyezi iwiri anzanga aja anandipeza pachigayo.

"Aphunzitsi, masiku ano mwachangamuka. Sikisi koloko ndendende, katani yakwera. Mwandilanda tiyi wanga."

Apa m'pamene ndinayenera kunena. Ndinangoseka, n'kuti munthu akamakula tulo timachepa. Chinali chiyani, kunyada? Mwina manyazi, kuti mphunzitsi wonse ndimagona mpaka eyiti. Iwo anasiya kuwoloka, poti panalibe chifukwa chowolokera. Ndinkawasowa, koma m'malo mopita n'kukanena, ndinkangokhala ndikuwadandaula mumtima kuti andiiwala.

Choipa kwambiri sindinachione. Kale, kuti katani itseguke, ndinkayenera kudzuka, kuyenda mapazi asanu, kuima pazenera. Ukaima pamenepo maso amagwera okha pakhonde la tsidya. Tsopano ndinkamva kamota kakulira, kuwala n'kulowa, ine ndili m'bulangete. Pabedi panga umaona thambo ndi nsonga ya phiri basi. Poyamba ndinkadzukabe kukasuzumira beseni. Kenako ndinkaliona mochedwa, popita kukasesa. Kenako masiku ena ayi.

Mwezi wa Juni kunabwera chiperoni chenicheni, chija chobisa phiri lonse, kamvula kowaza kosaleka. Mawondo anatupa. Makala ndi madzi zinali m'nyumba, ndiye Lachiwiri sindinatuluke n'komwe. Lachitatu ndinaona chuku chayambanso pa katani ya kuchipinda. Ndinatenga kansalu, ndinaitsitsa, ndinapukuta, ndinaikweza pang'ono kuti ndione ngati chachoka, ndinaitsitsanso. Ndinatero kangapo. Ndinaima pazenera limenelo pafupifupi ola lathunthu, maso ali pa timadontho takuda. Kunja sindinayang'ane.

Lachinayi m'mawa kamota kanalira mofooka, nsalu n'kuima pakati. Kasola kanali katatha masiku osaona dzuwa. Ndinadzuka ndikunyinyirika, ndinakoka mpando, ndinakwera ndi kachingwe m'manja. Ndili pamwamba pamenepo ndinaona tsidya. Pakhonde panalibe beseni. Chitseko chinali chotseka, ndipo nkhuku zinali kulira m'khola, zosatsegulidwa.

Sindikumbuka kuti ndinatsika bwanji pampando. Ndinawoloka msewu wopanda nsapato, ndikuitana, "Achemwali! Achemwali!" Zii. Bambo wina wopala matabwa amene amakhala kuseri kwawo anamva kukuwa kwanga, anabwera n'kuthyola chitseko.

Anali pansi, pafupi ndi khomo penipeni, beseni lili pambali pawo. Anali moyo. Mbali imodzi inali itafa, pakamwa patakhota, thupi lili zii ngati mwala wa mumtsinje. Anagwa Lachiwiri m'mawa, akupita kukatulutsa beseni lija.

Tinawatengera kuchipatala. Anati ndi sitiroko, ndipo namwino wina anandifunsa kuti, "Nanga masiku onsewa munali kuti?" Sanafunse mwaukali, amangolemba.

Ndinawadikirira mpaka mwana wawo atafika kuchokera ku Milanje. Patatha masiku asanu mawu anayamba kubwerera, amodziamodzi, olemera. Ndinkawamwetsa phala pamene anandigwira chala ndi dzanja lamoyo lija. Chitseko chawo chinali cha matabwa, chokhala ndi mpata pakati, ndipo pamene anagwerapo mpatawo unaloza zenera langa.

"Ndimaona," anatero. "Katani... kukwera. Ndimati, adzuka. Abwera."

Ndinaika supuni pansi.

"Tsiku lina... kukwera, kutsika. Kukwera, kutsika. Ndimati akundiuza... ndidikire."

Ndinawauza zonse pomwepo. Kuti si ine ndinkakweza. Kuti ndinkagona. Kuti Lachitatu ndinkapukuta chuku. Ndinalira pamaso pa odwala onse a m'chipindamo, ine amene sindinalire mokweza ngakhale pa maliro a amuna anga. Ndinkafuna andikalipire, anditukwane m'Chilomwe chawocho. Iwo anangoti, "Phala... lazizira."

Atatuluka m'chipatala mwana wawo anawatenga kupita nawo ku Milanje. Ananyamula zovala, mapoto ndi nkhuku. Beseni analiiwala pakhomo, ine ndinalitola. Ndinamva kuti akuyenda ndi ndodo, koma foni sangathe kugwira, ndipo ine mawondo awa sangandifikitse kumeneko.

Lamlungu lotsatira mwana wanga anaimba.

"Makatani akugwira?"

"Akugwira. Koma uchotse zija zokwera okha."

"Bwanji amayi? Ndiye ubwino wake umenewo."

"Ndati uchotse."

Anachotsa, akudandaula kuti anthu akuluakulu sitiyamika. Nkhani ya anzanga ndinamuuza, iye n'kuti pepani, koma zangochitika. Si mlandu wake. Iye anaganizira mawondo anga, ndipo wodziwa za panganolo ndinali ine.

Makataniwo ndimawasamalabe. Loweruka ndimapukuta kasola, ndimakolopola dothi la mavu, chuku chikayamba ndimachichotsa. M'mawa uliwonse ndimadzuka, ndimayenda mapazi asanu aja, ndimaima pazenera, kenako ndimadina rimoti. Nsalu imakwera pang'onopang'ono, imaonetsa msewu, kenako khonde lawo, kenako loko wa pachitseko. Ndikatero ndimatenga beseni lofiira n'kukaliika pakhonde panga.

Sabata yatha ndinadwala malungo. Masiku awiri sindinathe kudzuka, katani inakhala yotseka, beseni lili m'nyumba. Ndinagona ndikumvetsera kumsewu. Palibe anagogoda.