Bondo la Elina Linauma Tikudikira Kiyi

Mwana wanga Elina sangathenso kugwada, ndipo ndikufuna anthu a kunyanja kuno adziwe chifukwa chake.

Kuyambira ali wamng'ono, kafupa ka pabondo pake kankaguluka akaponda molakwika. Chaka chatha ndinakwera naye sitima pa Salima kupita ku chipatala chachikulu kumwera. Anamuchita opaleshoni, namumanga chikhakha kuyambira pantchafu mpaka pakakolo. Dokotala anatitsanzika momveka: pakatha mwezi ndi theka chikhakhacho akachotse ku chipatala chaching'ono cha kwathu, ndipo tsiku lililonse azimupinda bondolo pang'onopang'ono, lingaume.

Nthawi itakwana ndinamukweza panjinga, ine ndikukankha mumchenga. Tinapeza bambo wotsuka zilonda. Anati lumo lodulira chikhakha lili m'kabati, kiyi ali ndi bwana dokotala, ndipo bwana amabwera kamodzi pamwezi.

Tinabweranso tsiku la bwanalo. Bambo uja anati bwana sanabwere, mvula yadula msewu. Mwezi winawo bwana anafikadi, koma kiyi anamusiya m'jekete lina.

Ndinafunsa wotsuka zilonda uja kuti, "Nanga akulu, simungadule ndi mpeni?"

Anaseka. "Bambo, chikhakha ndi katundu wa boma. Mukufuna andichotse ntchito? Mudzandidyetsa ndinu?"

Chikhakha ndi cha boma. Nanga mwendo uli m'katimo ndi wa yani?

Mvula itatha ndinaitana a Jafali, osema mabwato. Anadula ndi sowo, Elina ataluma nsalu. Mwendo unatuluka wowonda, wowongoka ngati nkhafi. Titapita kuti akamupinde, bambo uja anandikalipira chifukwa chodula popanda chilolezo. Kenaka anagwira bondolo, kuyesa kamodzi, nati, "Mwachedwa nalo. Munali kuti?"

Ndinamukweza Elina panjinga, tinabwerera kwathu.

Mwezi watha kunabwera amalume a mnyamata amene ankafuna kumukwatira. Elina anawalonjera ataimirira. Tinafotokoza, iwo anangogwedeza mutu. Mawu anabwera pambuyo: sangatenge mkazi woimirira pamaso pa apongozi.

Sindikupempha chipepeso. Ndikufunsa akuluakulu a zachipatala: kiyi wa kabati ayendereji m'thumba la munthu amene sakhala pano? Ndipo inu anzanga, wanu akamangidwa chikhakha, funsani kaye amene akusunga kiyiyo.

Dzulo Elina anandibweretsera madzi akumwa. Anayesa kutsika pansi, mwendo unakana. Anati, "Pepani, ababa."

Mpaka lero wapepesa ndi iye yekha.