Chewe Wamera Kuseri kwa Nyumba Yathu

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kuvina pabwalo pathu ku Mpadue, bairo kapena kuti dera lathu mumzinda wa Tete, bambo wamkulu ngati ine, chifukwa cha duwa. Musandiseke, ndimvereni kaye.

Chibwerereni kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, akazi anga, mayi a Zito, mtima sunakhazikike mu Tete muno. Kwawo ndi ku Angónia, kozizira. Anaitanitsa maroza kwa amalonda a mbatatesi ochokera kumeneko, n'kuwabzala m'zitini. Madzi ochita kusenza pamutu, ife kusamba momana, maroza kumwa mpaka kukhuta. Koma dzuwa la kuno si masewera. Anauma onse.

"Bambo a Zito, dziko lokana ngakhale duwa lingasunge munthu? Ine ndibwerera kwa achemwali ku Ntcheu," anatero. Sindibisa, ndinachita mantha. Nyumba tangoifolera kumene, ndikhalamo ndi ndani?

Lachiwirilo anatenga khasu kukalambula kuseri, poti kwa ife pakhomo pomera kanthu ndi pa mlesi. Ndinangomva khasu lasiya kulira. Nditapita ndinawapeza atanyonyomala. Pamene tinkaumbira njerwa, panthaka youma gwa, panali pataima chewe wofika m'chiuno, maluwa ofiirira ngati timalipenga, njuchi zili piringupiringu. Mvula inasiya kalekale, ndipo palibe anamuthirirapo ngakhale dontho.

"Si chewe wa kwathu uja uyu? Wafika bwanji kuno?" anafunsa chapansipansi.

"Sanachite kufika, mayi. Mwini malo ndi iyeyu, obwera ndife."

Abale anga, tikumanganso mzinda, ndipo ndikukondwa. Koma taonani kutsogolo kwa nyumba za boma zopakidwa laimu kumene. Timabzalapo maluwa obwera ofuna madzi m'mawa ndi madzulo, kenako n'kulemba munthu ganyu yolambula chewe, ati ndi tchire. Mitu yathu ikuyenda bwino koma?

Chewe sapempha madzi. Amakongoletsa pakhomo pamene zina zonse zafota. Njuchi zomwe amaitana ndi zomwezo zimakabereketsa maungu. Masamba ake ndi ndiwo zoterera, ndipo amene tinakhala kumisasa ya othawa nkhondo tikukumbuka amayi akutsukira tsitsi sopo atasowa. Roza angachite chimodzi mwa izi? Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ife takhala tikuthamangitsa wa mphepo, wathu tikumudula ndi khasu.

Dzulo mayi a Zito anandiitana kuseri kuja, nkhope ili yolusa ngati ndalakwa.

"Mumutchinge ndi minga, mbuzi za mu bairo muno mukuzidziwa. Ndipo makoko akauma musawagwire. Njere ndidzafesa ndekha mvula ikagwa, kintale yonseyi, kuzungulira nyumba mpaka kumsewu."

Mvula ikagwa? Ndinayang'ana kumwamba, kuli mbee, mvula ikadali kutalitali. Ndiye kuti za ku Ntcheu zija azisiya! Asanasinthe maganizo, ndinangotenga chikwanje, liwiro kukadula minga.