Ababa Ananola Ndodo Yanga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene amayi anayamba kulongedza katundu wathu m'matumba a feteleza. Tinkakhala ku Chikanda, m'tauni ya Zomba, kuseri kwa chigayo, ndipo zinali zitadziwika kale kuti mvula ikangodula tikupita kumudzi, ku Jali. Ababa ntchito yaumesenjala inawathera maofesi atasamukira ku Lilongwe. Sanakhale manja lende. Anamangirira mwala wonolera ku wilo la njinga n'kukakhala nawo pachipata cha msika, kumanola mipeni ya ogulitsa nyama, zikwanje, makasu, ngakhale masizasi a matelala. Anthu ankati mpeni wodutsa m'manja mwawo umameta ndevu. Koma kutamidwa sikunadyetse ana asanu.

Ine kumudziko ndinkakuopa, sindibisa. Ndinaona zimene zinamuchitikira Dorofe, mwana wa azakhali anga. Anapita ali mu Sitandade 8 ngati ine, ndipo chaka chisanathe tinamva kuti akuphikira bambo wina wogulitsa nsomba ku Kachulu. Azakhaliwo anali atayamba kale kutumiza mawu kwa amayi, kufunsa ngati Esinati wakula. Esinatiyo ndine.

Njira yothawira imene ndinaipeza, mukhoza kuseka, inali gofu. Anyamata a kwathu ankapita kukatola mipira yotayika m'khwawa la pafupi ndi bwalo la gofu, ine n'kumawatsatira. Kumeneko kunali a Saidi, bambo wachikulire amene ananyamula zikwama za osewera kuyambira unyamata wawo, ndipo tsopano ankaphunzitsa ana Loweruka m'mawa. Anandiona tsiku lina ndikumenya magwafa aawisi ndi chitsulo chopindika, n'kundiitana. Kuyambira pamenepo Loweruka langa linali lawo.

Chakumapeto kwa chaka a Saidi anatiuza nkhani imene inandilanda tulo. Mu Januwale kudzakhala mpikisano wa ana, ndipo anthu ena a ku Blantyre adzatenga awiri opambana, kukawaika pasukulu yogonera konko ndi kupitiriza kuwaphunzitsa gofu. Anzanga ankafuna ulendo wa pabasi. Ine ndinkafuna kupulumuka.

Mpira ndinkaumenya patali, izo sindikukokomeza. Vuto langa linali pafupi ndi kadzenje kolowetsamo mpira, makamaka mpirawo ukagwera m'maenje a mchenga amene amakumba dala pabwalopo. Pamenepo pamafunika ndodo yaifupi, yolemera, ya nkhope yopendekera m'mwamba, imene amaitcha weji. A Saidi anali ndi thumba la ndodo zakale zimene anthu anataya, ndipo tsiku lina anatulutsamo maweji atatu kuti ndisankhe. Ine dzanja linathamangira ku yonyezimira. Anandimenya pang'ono pa chala n'kundiuza kuti ndiyendetse chikhadabo pankhope pake. Chinangoterereka. Timizere ta pankhopepo iwo ankatitcha mphini, ndipo ankati mphinizo ndi zimene zimaluma mpira kuti uzungulire chammbuyo n'kuima pamene wagwera. Yonyezimirayo mchenga unaidya kalekale, inali dazi lokhalokha.

Yachiwiri mphini inali nazo, koma pansi pake panali popyapyala. Anati imeneyo ndi ya mu Okutobala, nthaka ikauma gwa. Yachitatu inali yonyansa, ya dzimbiri, pansi pake potambalala ndi pozungulira. Anaitembenuza n'kundionetsa.

"Ili ndi thako," anatero. "Osaseka. Ndodo ya thako ikafika mumchenga imakhala pansi n'kudzuka ndi mpira. Yopanda thako imamira. Januwale wa ku Zomba ukumudziwa, ndiye sankha wekha."

Ndinasankha yonyansayo, ndipo ndinakhala nayo m'dzenje la mchenga Loweruka lililonse mpaka m'manja kutuluka matuza. Ndinaidziwa kulemera kwake. Ndinkati ndikaimenyetsa kumbuyo kwa mpira, imalira kuti bu, mchenga n'kuuluka, mpira n'kukatera pa kapinga, kudumpha pang'ono, n'kukhala. A Saidi sankayamikira munthu, koma tsiku lina ndinawamva akuuza mnzawo kuti kamtsikana ka ku Chikanda kapita ku Blantyre.

Mpikisano unali Loweruka. Lachisanu a Saidi ankatseka kanyumba ka ndodo msanga chifukwa cha mapemphero a kumzikiti, choncho anatigawira ndodo zathu kuti tipite nazo kunyumba. Zanga ndinaziimika kuseri kwa chitseko, n'kutenga ndowa kupita kumpopi. Kunali mzere wautali. Pobwera, ndisanafike n'komwe pakhomo, ndinamva kulira kwa mwala wa ababa. Sindinaganize kanthu, chifukwa kulira kumeneko ndinakula nako.

Ndinatula ndowa, ndipo ababa anatembenuka ali ndi weji yanga ija m'manja. Inkawala ngati supuni yatsopano. Thako lija linali litatheratu, pansi pake pali lilime lakuthwa. Nkhope nayonso anaiyendetsa pamwala kuti achotse dzimbiri, mphini zija n'kutsala zongooneka ndi maso.

"Anakupatsa chobuntha, mwanangu," anatero. "Ana a mabwana awapatsa zabwino, iwe akupatsa chotaya. Tagwira tsopano."

Abale inu! Ndinkafuna kukuwa, kudzigwetsa pansi, kuwafunsa kuti anawatuma ndani. Koma ababa ankamwetulira. Kuyambira pamene ntchito inawathera sindinawaonepo akumwetulira choncho. Ankatuluka m'bandakucha, kubwera madzulo, kudya mwakachetechete. Za gofu sankazimvetsa, ndipo panalibe chimene akanandigulira, ngakhale nsapato. Chimene ankadziwa padziko lapansi chinali kunola, ndiye anandinolera. Amayi ali pakhonde ankaseka kuti mawa ndikadula mpira pakati ngati dzungu. Ndinalandira ndodoyo ndi manja awiri, ndikugwada, n'kunena kuti zikomo ababa. Kenako ndinapita kubafa kukalira, ndikuthira madzi pansi kuti asamve.

Kunacha kuli nkhungu, phiri lonse litabisika. Mvula inali itagwa mokwanira, ndipo kapinga ankamira ukaponda. Ndinathamangira kwa a Saidi. Anaitenga ndodoyo n'kuyendetsa chala pansi pake. Atafunsa kuti wachita ndani, ndinawauza. Sanatukwane. Ndinawachonderera kuti andipatse ina iliyonse, ngakhale ya dazi ija, koma thumba linali pululu, ana onse anagawana dzulo lake. Ndinafunsa ngati ndingamabwereke kwa mnzanga tili mkati mosewera, iwo anati lamulo limakana. Ndinagwira malaya awo ndikulira, ndikuti a Saidi, akandikwatitsa. Anandichotsa manja pang'onopang'ono n'kundiuza kuti chatsala n'chimodzi, ndisalowe mumchenga.

Ndinasewera tsiku limenelo ngati munthu woyenda m'mphepete mwa chitsime. Paliponse pamene panali mchenga ndinkalambalala, ngakhale njira italike. Ndipo zinkayenda. Mnyamata wina wa ku Mtiya, Yohane, anali patsogolo kwambiri moti malo oyamba anali ake. Malo achiwiri tinkalimbirana ine ndi mwana wa dokotala wina, mnyamata waulemu amene analibe nane chifukwa. Pofika pa kadzenje komaliza ndinali ndikumutsogolera pang'ono.

Ndi pamene ndinawaona ababa. Anaima kumsewu, kuseri kwa mpanda, wilo lawo lili pambali. Loweruka ndi tsiku limene msika umadzaza, tsiku la mipeni yambiri, koma analisiya. Anakweza chipewa kuti ndiwaone. Kaya ndi chipewacho, kaya ndi mantha amene ndinawasunga tsiku lonse, manja anathamanga. Mpira unapita kumanja, n'kutsikira m'dzenje la mchenga la kutsogolo kwa mbendera ya pakadzenje.

Ndinatsikamo ndi weji yanga. Mchenga unali wonyowa pamwamba, wofewa pansi. Ndinapemphera pemphero lopanda mutu, ndinalonjeza Mulungu zinthu zimene sindingazikumbuke. Ndinamenya monga ndinaphunzirira, kumbuyo kwa mpira. Ndodo sinalire kuti bu. Inangolowa ngati khasu pamzere wa chimanga, n'kukhala momwemo. Mpira unasuntha pang'ono chabe. Ndinaizula, ndinamenyanso, inamiranso. Ndinamva mwana wina akuseka, wamkulu n'kumuletsa.

Kachitatu ndinasiya mchenga n'kulunjika mpira weniweniwo. Unatuluka ndithu, unakatera pa kapinga pafupi ndi mbendera. Koma popanda mphini panalibe chouletsa. Unagudubuzika, kudutsa kadzenje, kudutsa kapinga yense, mpaka kukalowa mu udzu wautali wa tsidya linalo. Ndinamaliza masewerowo chifukwa a Saidi anatiphunzitsa kumaliza. Mwana wa dokotala anandigwira chanza, maso ali pansi.

Ndinatuluka pachipata ndili ndi ndodo yanga. Ababa anandichingamira, n'kufunsa motsitsa mawu ngati yadula.

"Yadula, ababa," ndinatero. "Yadula kwambiri."

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma ababa zitsulo ankazidziwa, ndipo anaona ndi maso awo mmene inamirira. Anandilanda ndodoyo n'kulowa pachipata chimene sanalowepo chibadwire, chipewa chili m'manja, mpaka kukafika kwa a Saidi. Ine ndinatsala ndikulondera wilo. Ndinkawaona patali. A Saidi anabwereka weji ya mwana wina, kuitembenuza, kuigoneka pamchenga, kuikankha ndi dzanja. Kenako anachita chimodzimodzi ndi yanga. Ababa anagwira pansi pa zonse ziwiri ndi chala chachikulu, monga ankayesera mipeni. Tinabwerera ku Chikanda, ndipo Lolemba ababa sanapite kumsika.

Mvula itadula tinapitadi ku Jali. Tisanamalize n'kufolera komwe nyumba, azakhali anabwera ndi nkhani yawo. Kunali mwamuna wa golosale ku Mayaka wofuna kundikwatira, wopemphera, wosamwa. Amayi ankangoyang'ana pansi, chifukwa m'nkhokwe munalibe kanthu ndipo onse ankadziwa. Ine ndinali kuseri kwa nyumba, mbale zili m'manja, ndikumva zonse. Mwa mwambo wathu ababa anali mkamwini pamudzipo, ndipo nkhani za ana sizinali zawo kugamula. Azakhaliwo, amene anali akulu awo a amayi ngakhale tinkawatcha choncho, anawakumbutsa zimenezo. Ababa anawalola kumaliza.

"Mwana uyu ndinamuonongera njira imodzi ndi manja angawa," anatero. "Yachiwiri sindilola. Ngati n'kundithamangitsa, ndithamangitseni, koma ndipita naye."

Sindinawamvepo akulankhula choncho kwa akuchikazi, kale kapena pambuyo pake. Azakhali anachoka osatsanzika. Ababa anayamba kuyenda ndi wilo lawo m'misika ya m'midzi, Jali, Mayaka, mpaka ku Kachulu, ndipo ine ndinamaliza sekondale pasukulu yoyendera. Ku Blantyre ndinakafika ndili wamkulu, pa zifukwa zina.

Masiku ano ndimathandiza kuphunzitsa ana pa bwalo lomwe lija Loweruka m'mawa. Mwana akathamangira ndodo yonyezimira ndimamuuza kuti ayendetse chikhadabo, kenako aitembenuze, kenako ayang'ane kuphiri aone nyengo. Zimenezo n'zosavuta kuphunzitsa. Chimene ndinachedwa kumvetsa n'chakuti ndikanapambana tsiku lija, ndikanapulumuka ndekha, ndipo ang'ono anga awiri aakazi akanakumana ndi azakhali popanda wowaimira. Ababa atakana kamodzi, nkhani ya ukwati sinabwerenso pakhomo pathu. Kwa zaka zambiri ndinkawakwiyira chamumtima chifukwa cha thako la ndodo ija, ndipo ndikhulupirira kuti ankadziwa. Anamwalira ndisanawauze kuti tonse atatu tinamaliza sukulu chifukwa cha iwo.