Munda wa Kuseri kwa Makola a Mahatchi

Ku Doha chaka chili ndi nyengo ziwiri basi. Pali nyengo imene anthu amabisala m'nyumba kuthawa dzuwa, ndiye pali ina imene amatuluka onse nthawi imodzi ngati ngumbi. Ife ogwira ntchito pa kalabu ya okwera mahatchi tinkaopa yachiwiriyi. Dzuwa la kuno limaotcha, inde, koma silikutuma. Kukangoyamba kuzizira cha mu Novembala, mamembala ankabwerera ndi magalimoto awo aataliatali, ana awo ndi madandaulo awo, ife n'kuiwala kuti munthu amakhala bwanji pansi.

Ntchito yanga inali ya pabwalo. Mpanda wozungulira malo othamangirapo mahatchi unkafuna penti yoyera chaka ndi chaka, ngakhale unali woyera kale. Kapinga wakale ankapsa ndi dzuwa, ndiye tinkafesa wina wa nyengo yozizira, kumuthirira m'mawa ndi madzulo, kumumweta, kumuthira feteleza yemwe uja kwathu anthu amamugonera pamzere. Kapinga ameneyo sankadyedwa ndi chinthu chilichonse. Mahatchi ankadya udzu wouma wochokera kunja. Wathuyu anali woti mamembala aziyalapo makapeti Lachisanu masana, aziotcha nyama, ana azigubuduzika.

Amalawi pa kalabupo tinalipo awiri okha. Mnzangayo anali bambo wachikulire wa ku Ntchisi, ndipo ndinkangowaitana kuti madala. Iwo ankagwira m'makola. Ankapala ndowe n'kumakankha wilibala kupita nayo kuseri, kumene kunali mulu wa manyowa wobisika ndi khoma kuti maso a mamembala asadetsedwe. Msinkhu wawo unali utafika poti akachoka pamalo amenewa, kwina kulikonse sakanawalembanso, ndipo iwo ankadziwa zimenezo. Kumudzi anasiya mkazi wodwaladwala ndi adzukulu amasiye, ana a mwana wawo wamkazi amene anamwalira. Munda wawo unali utagonera chifukwa panalibe woulima. Banja lonselo linkadya kuchokera mu wilibala ija.

Madala ankapirira zambiri, koma manyowa aja ankawadya mtima. Lole inkabwera kudzawatenga kukataya kutali, iwo ataima chilili, manja kumbuyo ngati ali pamaliro.

"Mphwanga," ankatero, "anthu awa Mulungu adzawafunsa. Chuma chonsechi kukataya?"

Kuseri komweko kunali mpope wodontha. Ine ndinali nditanena kangapo kuti ukonzedwe, koma poti sunali pamalo oonekera, panalibe amene ankaulabadira. Tsono muike manyowa, madzi ndi mlimi wa ku Ntchisi pamalo amodzi, zotsatira zake mukuzidziwa kale. Mbewu anaipeza kwa mayi wina wakwathu wogwira ntchito mu hotela, amene ankakhala ku Al Mansoura ndipo anali atangochokera kutchuthi: chimanga cha makolo chodzaza m'manja ndi nthanga za maungu. Khasu kunalibe, ndiye anaunda mizere ndi fosholo. Ndinawapeza m'mawa wina akubzala, atavula jombo, akukwirira mapando ndi chidendene.

"Madala, kodi mwapempha permission kwa mudiru?" ndinafunsa. Mudiru ndi mmene tonse tinkamutchulira bwana woyang'anira kalabuyo.

"Ndipemphe chiyani, malo otayira ndowe? Mafi mushkila, mphwanga, palibe vuto. Mamembala kuno safika, amaopa ntchentche."

Ndinangopukusa mutu n'kubwerera ku penti yanga.

Chimanga chinamera, ndipo chinamera mwamwano, chobiriwira mpaka kuoneka chakuda. Pamene icho chinkakula kuseri, kutsogolo kunali chipwirikiti cha nyengo yozizira. Lachisanu lililonse linali ndi zake. Lero ana akupikisana kudumphitsa mahatchi, sabata inayo akuluakulu apita kuchipululu m'mamawa ndipo pobwera apeze tiyi ali patenti. Tinkaimika matenti, kugwetsa matenti, kunyamula mipando ndi mbaula za gasi, mamembala atavala majekete ngati ali ku Dedza mu Juni. Mphepo ya kumpoto ikawomba usiku, m'mawa fumbi linali paliponse, n'kuyambanso kutsuka zimene tatsuka dzulo. Panalinso tsiku limene mamembala ankati ndi lawo lokonza malo. Ankabwera ndi magolovesi atsopano, aliyense n'kupaka penti kachigawo ka mpanda kotalika ngati mkono, kujambulana zithunzi, kenaka kukadya. Mawa lake ine ndinkapala penti yawo yodonthayo n'kupakanso bwino.

Nthawi ya nkhomaliro ine ndi madala tinkakhala pa zidebe m'mphepete mwa mundawo. Ndakhala zaka zambiri m'dziko lino, ndipo ndinene mosabisa kuti malo okhawo amene ndinapumapo mpweya mpaka pansi pa chifuwa ndi amenewo, pakati pa fungo la ndowe. Masamba a chimanga akamakhulana ndi mphepo, ndinkatsinzina n'kumva ngati wina andiitana dzina langa la kumudzi. Maungu anayanga mpaka pakhoma. Tinadya nkhwani kangapo, anzathu a ku Nepal ndi a ku Kenya n'kumatiseka kuti tikulimbirana chakudya ndi mahatchi. Madala ankaimba foni ya vidiyo kumudzi n'kumazungulira nayo m'mizere.

"Mayi, mukuona? Chaka chino nanenso ndidya dowe," ankawauza akazi awo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kumapeto kwa Januwale chimanga chinali chitamasula, ndevu zitatuluka. Lachisanu lina kamtsikana ka membala wina kankabwerera kumakola katakwera kahatchi kakang'ono, kofatsa kwambiri, kaja amaphunzitsira ana. Pamene khoma lija limathera panali mpata. Kahatchiko kanaona zobiriwira, kanakhota mwadzidzidzi n'kuthamangira kuseri, mwana uja n'kugwa pansi. Anathyoka mkono. Kahatchi tinakapeza katalowetsa mutu m'chimanga, kakutafuna mosatekeseka.

Mudiru anafika, anaona mizere, anagwira mutu ndi manja onse awiri. Sanali munthu woipa. Nayenso anali mlendo wa kontirakiti ngati ife, kungoti yake inali yonona. Bambo a mwanayo anali atathamangira kale kuchipatala osaona chimene chinali kuseri, ndiye mudiru anawauza pafoni kuti kahatchi kanadzidzimuka ndi pepala la pulasitiki louluka ndi mphepo. Atatero anatembenukira kwa ife. Anati mpata uja titseke ndi matabwa lero lomwe, ndipo chikangotha chikondwerero chachikulu cha mamembala chimene chinali Lachisanu lotsatira, munda wonse uchoke. Pakamwa pathu patsekedwe.

"Khalas," anatero, kutanthauza kuti nkhani yatha.

Kwa ine inathadi, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti ntchito ya madala yapulumuka. Koma iwo sabata imeneyo sanadye bwino. Ndinkawapeza ataima ndi fosholo m'khola, akungoyang'ana pansi.

"Mwana wa munthu wathyoka mkono chifukwa cha munda wanga," anandiuza, "ine ndiziyenda pano ngati sindikudziwa kanthu?"

"Madala, kuno si ku Ntchisi. Mudiru nkhani waikwirira. Mukangoyankhula, akukanselani visa, tiketi m'manja, yalla, kazipitani kwanu. Adzukulu aja adya chiyani?"

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kodi mbuzi yako ikalowa m'munda mwa mnzako, umadikira kuti akupeze? Umapita wekha, ndipo supita chimanjamanja."

Ndinawachonderera mpaka mawu anandithera. Ndinawakumbutsa za mankhwala a akazi awo, za msinkhu wawo, za anthu onse amene tinawaona akukwera ndege chifukwa cha zazing'ono kuposa izi. Pomaliza anangotola fosholo n'kupitiriza kupala ndowe, ine n'kuganiza kuti andimvera.

Tsiku la chikondwerero kunali tenti yaikulu pakati pa kapinga, makapeti ofiira, khofi, nyama pamoto, ndi anthu oimba nyimbo zofatsa pakona. Mamembala onse analipo, ngakhale akomiti amene ankalamulira mudiru. Lamulo linali lakuti wantchito wa kumakola saponda pa kapinga mamembala akakhalapo. Ine ndinali kumbali ndi thumba langa, kutola zinyalala, dzuwa litapendeka. Nditadzutsa mutu ndinaona madala akubwera kuchokera kumakola. Anavala malaya awo oyera a kutchalitchi, osita bwino. M'manja ananyamula dzungu, loyamba kukhwima m'munda muja, pamwamba pake ataikapo mtolo wa nkhwani womanga ndi chingwe cha udzu wa mahatchi.

Kufuula sindikanatha, kuthamanga pakati pa matebulo sindikanathanso. Ndinangoima ndi thumba la zinyalala n'kumaonerera munthu akupita kukadzitaya.

Anadutsa matebulo onse pang'onopang'ono mpaka pamene panakhala bambo a mwana uja. Mwanayo anali pambali pawo, mkono uli m'chikhakha. Madala anagwada pa kapeti, anaika dzungu pafupi ndi mapazi a bamboyo, anaomba m'manja mofatsa ngati mmene timachitira kwathu polankhula ndi akuluakulu. Kenaka anayamba, m'Chingerezi chawo chothyokathyoka. Anati pepani bwana, munda ndi wanga, hatchi inabwera kudzadya chimanga changa, mwana wagwa chifukwa cha ine, landirani kangachepeka.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti anthu ena ankaganiza kuti ndi gawo la zosangalatsa za tsikulo. Mafoni anakwezedwa m'mwamba. Mayi wina anaomba m'manja, ana n'kumaseka. Madala anali chigwadire, maso pansi, kudikira kuti wolakwiridwa ayankhe.

Bamboyo sanawakalipire. Anaimirira, anawagwira pamkono n'kuwadzutsa, akuoneka kuti manyazi amugwira iyeyo. Koma kenaka anafunsa funso limene ndinkaliopa sabata yonse.

"Munda uti?"

Anayang'ana uku ndi uku kufuna mudiru. Mudiru anali chapafupi, kapu ya khofi m'manja, nkhope itasanduka phulusa. Posakhalitsa akomiti onse ndi bamboyo anali paulendo wopita kuseri, nsapato zawo zokongola zikuponda m'ndowe. Anakanganula matabwa aja n'kupeza chimanga chotalika kuposa iwo, mpope ukudontha m'mizere. Bamboyo chimene chinamukwiyitsa kwambiri ndi bodza la pepala la pulasitiki. Koma akuluakulu akanamizana pamafunika mutu wa munthu woti nkhani ithere, ndipo mutu wosavuta kudula pamalo ponsepo unali wa madala. Akomiti anati madala anabzala popanda chilolezo, anaika mahatchi ndi ana pangozi, ndiponso analowa pamalo a mamembala. Dzungu lija linatsala pa kapeti mpaka woperekera zakudya wina analitola n'kukaliika patebulo pafupi ndi maluwa, ndipo linakhala pomwepo mpaka chikondwerero kutha.

Sipanapite masiku ambiri tiketi ya madala inatuluka. M'mawa wa tsiku lawo lomaliza tinauzidwa kuti tichotse mundawo. Ndinafuna kugwira ndekha kuti iwo asaone, koma anandilanda chikwanje.

"Wobzala ndi ine," anatero.

Anadula mzere woyamba. Pakati pa wachiwiri anaima, anathyola chimanga chimodzi n'kuchisenda. Njere zinali zoyera, zazing'ono, zamadzi okhaokha. Analuma, anatafuna pang'ono, analavula, n'kupitiriza kudula. Mapesi tinawaponya mu lole ya manyowa.

Masana ndinawaperekeza ku Najma kuti akagule chikwama ndi tizovala ta adzukulu. M'basi ndinali ndi mkwiyo woti ndikanatsegula pakamwa ndikanawanyoza, munthu wamkulu ngati bambo anga. Ndinkafuna ndimve akunena kuti analakwitsa, kuti akanandimvera. Sananene. Ankayang'ana pawindo nyumba zakale za m'derali, zovala zili lende m'makonde, ndipo chimene anandifunsa n'chakuti kodi mkono wa mwana uja ukupola. Ndinati sindikudziwa. Anati ndikadzamva ndidzawauze.

Anafika kumudzi mu Febuluwale, mwezi umene ngakhale olima amagona ndi njala, nanji iwo amene munda wawo unali tchire ndipo mvula yobzalira inali itapita kalekale. Ndinkazengereza kuimba chifukwa ndinalibe chabwino chowauza. Nditalimba mtima, foni anayankha ndi akazi awo. Mawu awo ankamveka patali, otopa. Anati madala atuluka m'bandakucha kukafuna ganyu wobandira m'minda ya anthu, ndipo dzulo anabwera chimanjamanja chifukwa eni minda akufuna anyamata. Kumbuyo kwawo ndinkamva mwana akulira kulira kuja kosafuula, kongopitirira.

"Achimwene," anatero mayiwo, "inu muli konko. Poti anapepesa, sangawatengenso?"

Ndinawauza zoona, kuti pamalo pawo analembapo kale munthu wina. Anandithokoza chifukwa choimba.