Beseni Lofiira la a Zgambo

Ndikakumbukira a Zgambo, ndimamva fungo la oyilo wotentha, lokhala ngati la shuga wopserera, likusakanikirana ndi fungo la fodya wamuwisi amene tinkasoka m'chigafa nthawi ya dzinja kwathu ku Lukwa. Anali oyandikana nafe nyumba, Atumbuka a cha ku Simlemba, amene anabwera kuchokera ku Joni opanda mkazi, opanda mwana, koma ndi pikapu yakalekale yotuwa imene ankanyamulira mabelo a anthu.

Galimotoyo ndiyo inawaputira nkhani. Inalibe kilachi. Mwendo wawo wamanzere unkangokhala phee, koma magiya n'kumasintha okha. Ndiye pamalo pamene yagona tinkapezapo timadontho pamchenga, osati takuda ngati ta mathirakitala a ku esiteti, koma tofiira psuu! Aa, anthu akwathu mukuwadziwa. Pachitsime, pamaliro, ngakhale potuluka m'tchalitchi, manong'onong'o anali amodzimodzi: galimoto ya a Zgambo imamwa magazi. Ana tinkachita kulumpha madonthowo, ndipo ine bambo amenewa ndinkawaopa ndi mtima wanga wonse, chonsecho sanandikalipirepo.

Eni ake ankangoseka. "Yayi, ndi oyilo uyu, vuto ndi mphira chabe," ankatero. "Ikakalamba imauma, ikauma imadontha. Nanga si chimodzimodzi ifeyo?"

Chaka china, fodya ali pakati, malungo anandigwira moipa. Bambo anga anali kutali kuntchito, mayi ali oyembekezera. Mlangizi wa zaumoyo atanditembenuza chikope ndi kuona zikhatho zanga zoyera mbee, anati magazi achepa, ndipite kuchipatala cha kuboma tsiku lomwelo.

Tsoka ilo, m'mawa womwewo a Zgambo anali atakweza pikapu pazitsa, atamasula chitsulo chophimba kunsi kwa giyabokosi kuti asinthe gasiketi ndi masilu, timphira tozungulira toletsa oyilo kutuluka. Oyilo yense anamukhuthulira m'beseni loyera, n'kuliika pabwalo dzuwa likuswa mtengo. Ndili gone pamkeka pakhonde, ndinaliona ndi maso angawa, lodzaza, lofiira, likunyezimira.

Mayi anagwira m'mutu. "Anthu inu, taonani! Mwana wanga magazi akutha, beseni lawo likudzaza!"

A Zgambo anatuluka kunsi kwa galimoto, manja ali psuu mpaka m'zigongono. "Anachisale, mama, dikirani ndimange, timutengere mwanayu kuboma."

"Mundisiyire mwana wanga, a Zgambo. Zimene mwatengazo zakwana."

A Zgambo anangolowanso kunsi kuja. Mayi anatuma uthenga wofuna ngolo, koma mwini ng'ombe anati matope a m'dambo sangawoloke nawo mpaka kutacha bwino mawa lake. Pamene khosi langa linayamba kulephera kuima lokha, mayi anandibereka, n'kukaima pafupi ndi pikapu ija, nkhope atayang'anitsa kumbali.

Koma kuchedwa kwake! Ndili kumsana ndinkamva lezala ikupala gasiketi yakale, kwee, kwee, kenako kachipika kakugogoda silu yatsopano pang'onopang'ono kuti ikhale bwino m'malo mwake, kenako sipanala, bawuti imodzi uku, ina mbali inayo, osakakamiza, n'kubwerezanso kuzungulira. Mayi amene aja ankakana galimoto, tsopano anayamba kuloza chala. "Akuchita dala! Akufuna mwanayu atsirizikire pompano."

"Ndikaikakamiza bawuti, gasiketi iphwanyika," mawu anachokera kunsi. "Oyilo atithera panjira, ndiye mwanayu ndimupereka kwa yani?"

Atatha anatulutsa chigubu cha oyilo watsopano, chosatsegula, n'kuwapatsira mayi. "Tsegulani nokha, mama." Mayi anathyola chivindikiro, ananunkhiza, anasuzumira m'kati, n'kupeza kuti nayenso ndi wofiira psuu. Ulendo wonse, ine ndili pamiyendo pawo, maso awo anali pa mwendo wamanzere uja wosagwira ntchito, milomo ikunong'ona pemphero.

Kuchipatala anati pakufunika munthu wopereka magazi. Mayi anatambasula mkono, namwino anayang'ana mimba yawo n'kupukusa mutu. Wachibale wina panalibe. A Zgambo anapempha sopo, anasamba oyilo uja m'manja, anapinda malaya n'kulowa. Atawayeza anapeza magazi awo ogwirizana ndi anga.

Ndinachira. Pikapu ija inasiya kudontha, koma pakamwa pa anthu panalibe gasiketi yoti n'kutseka. Mayi anawapititsira a Zgambo tambala wothokoza, inde, atagwada bwinobwino. Koma pobwerera anandinong'oneza ndi nkhope yosaseka: "Iwe, munthu wa imvi ngati uja, wodya yekha, magazi ochita kugawako ena anawatenga kuti?" Funso limeneli analifunsabe mpaka ukalamba wawo.

Zimandipweteka kuti a Zgambo anamwalira ena akuwakayikirabe, ndipo pikapu yawo inadyedwa ndi dzimbiri chifukwa panalibe wolimba mtima woti aigule. Ine lero ndikaona dontho lofiira kunsi kwa galimoto ndimawerama, ndimaligwira ndi chala n'kununkhiza, anthu n'kumandidabwa. Ena akale akamayambanso nkhani ya galimoto yomwa magazi, ndimawasiya amalize kaye. Kenako ndimawaonetsa mtsempha wa pamkono pangapa n'kuwauza kuti magazi a a Zgambo, ngati akuwafuna, ali muno.