Mbiya imene ndinatsuka ndi sopo

Dzulo kuno ku Chileka aneba amapatsa nkhumba masese, ndipo fungo lake linandibwezera kwathu ku Lirangwe.

Amayi ankafulula mowa, koma akamaliza kusefa sankatsuka mbiya yaikulu. Pansi pake pankatsala nsenga zotuwa, zonunkha, ine n'kumaona ngati uve. Tsiku lina atapita kuchigayo, ndinaikwecha ndi mchenga ndi sopo, n'kukhala pakhonde kudikira kuti adzandiyamikire.

Atabwera anasuzumiramo, n'kukhala pansi.

"Mwanawe, nsenga zija n'zimene zimawiritsa mowa. Zinayambira kwa amayi anga."

Sanandimenye. Anakapempha zina kwa anzawo, koma anthu ankati mowawo wasintha, nayamba kukamwa kwina.

Ndinadzazindikira nditakula kuti tsiku lija ndinakhuthulira kudzala chokhacho chimene amayi awo anawasiyira.