A Mbewe Akana Kuvula Chikhoti cha ku Malaya

Senderani kuno nonse! Inu mayi, tulani mtolowo. Chete kumbuyoko, ndiyankhule!

Amuna anga a Mbewe anapita ku Malaya pa usilikali. Anzawo anabwerako ndi njinga, iwo chikhoti ndi nkhani imodzi. Akuti kumeneko, pa nkhondo ya Ajapani, kunali msilikali wa komweko, ngwazi yeniyeni. Zipolopolo zinamuthera, iye osathawa. Atamugwira akuti, "Vula yunifomu!" Iye, "Sindivula!" Anafera momwemo.

Ndiye a Mbewe nawonso savula. Kumunda, chikhoti. Kumaliro, chikhoti. Akadutsa pakhola mbuzi zimayetsemula.

Sabata ino kunali chinkhoswe cha mdzukulu wathu. Akuchimuna ndi aphunzitsi a ku Kasina, anthu onunkhira. Mwana misozi chuchuchu: "Agogo, akalimva fungo limenelo, ukwati wanga watha!"

Ine: "Bambo, ndichapeko."

Iwo, chifuwa patsogolo: "Nangozo! Ngwazi ija inavula?"

"Ija inkakanira Ajapani! Inu mukukanira sopo!"

Tsikulo m'mawa anakasamba, chikhoti n'kukoleka pampanda wa bafa. Ine tsomphu! Mumphika wa madzi owira, phava! Ndikati ndivuule, kwatuluka dzanja lokha. Ndivuulenso, thumba. Kani chinkagwirana ndi litsiro, abale!

Alendo awo pabwalo, "Odi! Odi!" Chisanu cha kuno ku Lobi mukuchidziwa. Pachingwe panali nsalu yanga ya chipani, yovinira, ya nkhope ya mtsogoleri wa dziko ija. A Mbewe anaifunda, n'kutulukira ngati akuguba.

Akanaseka ndani? Useke nkhope imeneyo, ukagone kuti? Aphunzitsi anavula zipewa: "Bambo, inu ndiye okonda dziko." Chinkhoswe chinayenda bwino, mdzukulu wanga akukwatiwa.

Koma ndifunse, amuna inu. Bwanji mukati mutengere ngwazi mumasankha pofewa pokha? Mwana wa eni ake anafera dziko lake kutaliko, mzimu wake uuse. Wathu wamukumbukira ndi nsabwe. Njoka ikalowa m'nkhokwe, amaitana ndani? Ine!

Tsono mawa amayi tikukavina ku boma, ndipo wapampando wanena kuti wopanda nsalu adziwa yekha. Ndapita mwaulemu, kugwada ndithu: "Bambo, nsalu ija."

Iwo anaikulunga kawiri, n'kukuwa mpaka a ku Mphunzi anamva:

"Nangozo! Kaitane Ajapani akowo, iyinso sindivula!"